Sewero la Cashgate lidzabwera ndithu, koma mwini nkhani asadzakhale wakuba

Loweruka lapitali ndinakhalitsa pabenchi la ometa tsitsi pamsika wa Nsungwi ku Area 25. Magetsi anali atathima, ndipo tonse tinkadikira kuti abwere, wina mutu atametedwa mbali imodzi. Anyamata atatu anaunjikana pafoni imodzi kuonera sewero la ku America lonena za Jeffrey Dahmer, munthu uja ankapha anzake motsatizana. Mmodzi mwa anyamatawo anali mwana wa mlongo wanga, wobadwa mu 2004, amene akudikira malo kukoleji. Nkhani ya Dahmer ankaidziwa ngati ya m'mudzi mwawo: kuti ophedwa anali 17, kuti ambiri anaphedwera mumzinda wa Milwaukee, kuti mkuluyo anagwidwa mu 1991.

Ndinamufunsa kuti, “Nanga Aaron Gadama ukumudziwa?” Anaganiza pang'ono n'kunena kuti, “Malume, ameneyo sanali womenya mpira wakale?” Sankaseka ayi, pamene Gadama anali nduna imene inaphedwa mu 1983. Ndinafunsanso za Cashgate. Apa nkhope yake inawala. “Aja anaba ndalama ku Capital Hill aja? Koma anali madolo, malume.”

Mawu akuti madolo aja ndi amene andilembetsa ndemangayi.

Mnyamatayu sindikumuimba mlandu. Akanazidziwira kuti? Milandu ikuluikulu ya dziko lino imazengedwa m'Chingerezi, zigamulo zake zimalembedwa m'Chingerezi cha maloya, n'kukasungidwa m'mafayilo amene munthu wa ku Chinsapo kapena ku Mgona sadzawaona mpaka kufa. Nyuzipepala imalemba lero, mawa pepalalo akulungira zitumbuwa. Kanema wathu woyamba anatsegulidwa mu 1999, ndipo kuyambira pamenepo sitinazolowere kudzifotokozera tokha nkhani zathu zowawa pa kanemapo. Chotsala m'manja mwa anthu ndi mphekesera za m'minibasi ndi mavoisinoti a pa WhatsApp. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo ife mbiri yathu yonse yaposachedwa tikuimvera kwa a Kandimverere.

Wina asanene kuti Amalawi sakonda nkhani za kukhoti. Amene anali mu Lilongwe kuyambira Ogasiti 2019 akukumbukira mmene mlandu wa chisankho unagwirira mzinda uno pakhosi. Unkaulutsidwa pawailesi mmene unkachitikira. Ogulitsa kaunjika ku Tsoka, akabaza, alonda a m'mageti ku Area 10, onse khutu linali pawailesi. Pa 3 Febuluwale 2020, majaji asanu aja atayamba kuwerenga chigamulo chawo m'mawa mpaka kunja kuda, ndinaona amuna osewera bawo atasiya nkhomo m'maenje, osagwira, kwa maola. Anthu amene sanapondepo kukhoti anatuluka m'miyezi imeneyo akudziwa kuti mboni imafunsidwa bwanji, kuti fomu ya zotsatira ndi chiyani, kuti tipeksi saloledwa pati. Njala yomva zoona ilipo. Chosowa ndi wophika.

Ndipo sewero lophikidwa bwino limachita zimene nyuzipepala imalephera. Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha ku Britain. Pakati pa 1999 ndi 2015, anthu oposa 900 oyendetsa mapositi ofesi ang'onoang'ono anazengedwa milandu yakuba ndi yachinyengo chifukwa pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi kampani ya Fujitsu, inkaonetsa kuti ndalama zasowa pamene sizinasowe. Ena anapita kundende, ena anagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zimene sanabe, ena anadzipha. Atolankhani anayamba kulemba za nkhaniyi mu 2009. Mu 2019 gulu la anthu 555 linapambana mlandu kukhoti. Koma dziko silinagwedezeke. Kenako kumayambiriro kwa Januwale 2024 kanema wa ITV anaonetsa sewero la magawo anayi lotchedwa Mr Bates vs The Post Office. Pasanathe masabata awiri, anthu oposa miliyoni imodzi anasaina chikalata chofuna kuti amene anali mkulu wa Post Office, Paula Vennells, alandidwe ulemu umene boma linamupatsa, ndipo iye anaubweza. Pa 10 Januwale nduna yaikulu Rishi Sunak analengeza m'nyumba ya malamulo kuti pabwera lamulo lofafaniza milandu ya anthuwo, ndipo lamulolo linadutsa mu Meyi chaka chomwecho. Zaka 15 za zolembalemba zinalephera zimene mausiku anayi a sewero anakwanitsa. Mfundo zinali zomwezo. Chinasintha n'chakuti anthu anaona nkhope ya mayi akuwerenga ndalama usiku m'kashopu kake, kompyuta ikumuuza kuti wasoweza, iye akulira osadziwa kuti walakwa pati.

Choncho ine ndili kumbali ya amene akufuna kuti nkhani zathu zikuluzikulu ziikidwe pa kanema, m'Chichewa, ndi osewera athu. Ndipo yoyambira yabwino ndi Cashgate, chifukwa ili ndi zigamulo za makhoti, malipoti a owerengera ndalama, ndi anthu amene anavomera okha milandu yawo. Wolemba sangasowe poponda.

Tikumbutsane mwachidule. Usiku wa pa 13 Seputembala 2013, Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma, anawomberedwa pageti la nyumba yake ku Area 43. Anapulumuka atakalandira chithandizo ku South Africa. M'masabata omwewo apolisi anayamba kupeza ndalama zankhaninkhani m'nyumba ndi m'mabuti a galimoto za anthu ogwira ntchito m'boma, ena a iwo makalaliki a malipiro ochepa. Njira yake inali yosavuta kumva: mu IFMIS, pulogalamu imene boma limalipirira zinthu, ankalowetsa malipiro a makampani amene sanapereke katundu aliyense, cheke n'kutuluka, n'kukatapidwa kubanki, kenako wina n'kufufuta umboni wake m'kompyutamo. Owerengera ndalama a Baker Tilly anapeza poyamba kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinapita pakati pa Epulo ndi Seputembala chaka chimenecho chokha. Pulezidenti Joyce Banda anachotsa nduna zake zonse mu Okutobala. Maiko amene ankathandiza bajeti yathu, omwe thandizo lawo linkafika pafupifupi 40 peresenti ya bajetiyo, anaimitsa ndalama zawo. Treza Senzani, mlembi wamkulu ku Unduna wa Zokopa Alendo, anakhala mkulu woyamba kumangidwa, zaka zitatu, mu 2014. Wabizinesi Oswald Lutepo anapatsidwa zaka 11 mu 2015. Mu 2016 Ralph Kasambara, amene anakhalapo nduna ya zachilungamo, anapatsidwa zaka 13 pa mlandu wokonza chiwembu chofuna kupha Mphwiyo. Anatuluka pabelo mu 2018 podikira apilo, ndipo anamwalira mu Juni 2024. Mphwiyo naye anadzaimbidwa milandu ya Cashgate yomweyo.

Aliyense wodziwa kulemba sewero akawerenga ndimeyi malovu amadzaza m'kamwa. Muli mfuti, muli ndalama m'zikwama, muli nduna, muli kuperekana kwa abwenzi. N'chifukwa chake ndikuti sewerolo lidzabwera, kaya pa kanema wa m'dziko muno, kaya pa YouTube, kaya ndi ndalama za akunja. Nkhawa yanga ili pa mmene lidzabwerere, ndipo ndikutha kuliona kale m'maso mwanga. Gawo loyamba lidzatsegula ndi galimoto yakuda ikuyandikira geti usiku. Kenako tidzabwerera m'mbuyo kukaona kamnyamata kovala shati yotuwa, kokwera minibasi kuchokera ku Kawale, kakunyozedwa ndi landilodi. Kadzapeza dilu. Gawo lachitatu kadzakhala kali m'suti, kakugulira bala yonse mowa, atsikana akukasekerera, kakumanga nyumba yosanja, kakuponya envulopu yonenepa m'mbale ya chopereka. Nyimbo yokoma idzakhala ikulira pansipansi. M'gawo lomaliza kadzalowa ku Maula, ndipo opanga sewero adzatiuza kuti phunziro lake n'lakuti kuba sikupindula.

Koma mwana wa mlongo wanga sadzatola phunziro limenelo. Magawo asanu ndi awiri a kunjoya sangafafanizidwe ndi gawo limodzi la ndende. Kamera ili ndi khalidwe lake: amene yakhala naye nthawi yaitali, woonera amayamba kumukonda, kumumvetsa, kumuopera kuti asagwidwe. Si kuipa mtima kwa woonera, ndi mmene nkhani imagwirira munthu. Kudera kwathu kuli mnyamata wa njinga yamoto amene anzake amamutcha Escobar, ndipo iye amanyadira dzinalo mpaka analilemba pathanki. Analitola m'masewero a pa kanema onena za Pablo Escobar wa ku Colombia. Nditamufunsa tsiku lina ngati akudziwa kuti gulu la munthu ameneyu linaphulitsa ndege mu 1989 n'kupha anthu onse 107 amene anali m'menemo, anati, “Zimenezo sindinazitsate, bigi, koma mkulu uja anali ndi ndalama.” Anaonera maola ambirimbiri, ndipo chimene chinatsalira m'mutu ndi ndalamazo.

Kuno kwathu ngoziyi ndi yaikulu kuposa ku Colombia kapena ku America, chifukwa mbewuyo igwera panthaka yolimidwa kale. Tili ndi chiyankhulo chonse chotamandira wakuba wa muofesi. Timati ndi wochangamuka, ndi shasha, anaiphula, inali nthawi yake. Woba nkhuku ku Mtandire timamuthamangitsa ndi miyala, woba mabiliyoni timamupatsa mpando wakutsogolo paukwati. Wantchito wa m'boma amene wapuma ntchito ali ndi nyumba imodzi yokha achibale ake omwe amamufunsa kuti, “Zaka zonsezi munkatani kumeneko?” Sewero loika wakuba pakati silidzatiphunzitsa chatsopano. Lidzangoveka suti yabwino maganizo amene tili nawo kale.

Mwini nkhani ya Cashgate ndi wina. Kumayambiriro kwa 2014 ndinaperekeza mayi anga kuchipatala china cha boma. Ankadwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Tinafika kusanache, tinakhala pamzere mpaka dzuwa kufika pamutu. Adokotala analemba mankhwala m'kabuku kawo ka kuchipatala, kaja kachikasu kothaitha m'mbali. Pawindo lolandirira mankhwala mtsikana wovala yunifolomu anayang'ana kabukuko, anayang'ana mashelefu kumbuyo kwake, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Agogo, awa atha. Mukagule kufamase.” Mayi anga sanadandaule. Anapinda kabukuko, n'kukamanga pansonga ya chitenje, n'kundiuza kuti, “Tiye mwanangu, tisachedwetse anzathu.” Ine ndinali ndi kangachepe m'thumba, tinakagula. Mayi amene anali kumbuyo kwathu pamzere, mwana kumsana, anauzidwa mawu omwewo, ndipo ndinamuona atangoima pakhonde osadziwa kolowera.

Kusowa kwa mankhwala sikunayambe ndi Cashgate, ndipo zifukwa zake ndi zambiri. Koma ndalama zimene zinatuluka pa macheke abodza aja zinali za thumba lomwelo logulira mankhwala, choko ndi mafuta a ambulansi, ndipo thandizo la akunja litaima, bajeti yotsatira inakhala yomanga lamba, ija ankaitcha yopanda thandizo. Anamanga lambayo si amene anatapa macheke. Nkhani ya Cashgate ikafotokozedwa popanda mayi uja wa pakhonde, yafotokozedwa mwabodza, ngakhale tsiku lililonse ndi nambala iliyonse zitakhala zolondola.

Apa ndi pamene opanga sewero la ku Britain lija anaganiza bwino. Akanatha kutilowetsa m'maofesi a mabwana ku London, koma anasankha kukhala ndi anthu a m'mashopu, Alan Bates ndi anzake, ndipo mabwanawo tinkawaona mmene ovutikawo ankawaonera, patali, kuseri kwa makalata ndi maloya. Wolemba wathu angachite chimodzimodzi popanda kubera aliyense. Atipatse namwino wa kuchipatala chaching'ono amene ayenera kuuza odwala makumi asanu patsiku kuti mankhwala atha. Atipatse mphunzitsi amene ndalama zake za tchuthi zakhala zaka osabwera. Atipatse kalaliki wa ku Capital Hill amene anaona vocha yokayikitsa n'kukana kusaina, anzake n'kuyamba kumusala pankhomaliro, mkazi wake kunyumba n'kumufunsa chifukwa chake ana a anzake akupita kusukulu zolipira pamene ake ali ku pulaimale ya boma. Anthu otere analipo ndipo alipo, ndi iwo amene achititsa kuti boma lisagweretu. Kulimbana kwa mumtima mwa munthu ameneyu n'kokoma kuonera kuposa kuwombana kwa mfuti. Ndipo chala chikadina batani lofufuta m'kompyuta ku Capital Hill, chithunzi chotsatira chikhale shelefu yopanda kanthu, kuti woonera aone ndi maso ake chingwe cholumikiza ziwirizi. Chingwe chimenechi ndi chimene lipoti la owerengera ndalama silingathe kuonetsa.

Ndikudziwa yankho la anzanga opanga mafilimu, chifukwa ndalimvapo: anthu safuna kuonera umphawi wawo womwe, amafuna magalimoto ndi nyumba zokongola, ndipo wotsatsa malonda salipira sewero la mzere wa kuchipatala. Muli choona m'menemo, ndipo amene sanaikepo ndalama zake m'filimu asafulumire kuwanyoza. Koma mbiri ya masewero athu ikutsutsa. Sewero la Sabata Ino, Kapalepale, Zimachitika, Tikuferanji, Izeki ndi Jakobo, onsewa anagwira mitima ya Amalawi kwa zaka zambiri ndi anthu wamba a m'mudzi ndi m'makomboni, opanda galimoto ngakhale imodzi. Tikuferanji anatchukitsa Manganya mpaka mwini wake, Michael Usi, anadzakhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 2024. Mmalawi amakonda kudziona pa kanema. Chimene sakonda ndi kulalikidwa, ndipo imeneyo ndi nkhani ya luso la wolemba.

Pali china chimene sewero la Dahmer lija linandiphunzitsa, chosiyana ndi chimene anyamata aja ankaona. Mu 1992, mayi wina dzina lake Rita Isbell, mlongo wa Errol Lindsey, mmodzi mwa ophedwa, anaima m'khoti n'kulankhula mokuwa ndi ululu pamaso pa wakuphayo. Patatha zaka 30 Netflix, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti imene inatulutsa sewerolo, anatenga mphindi imeneyo n'kuiseweretsa munthu wina, zovala zofanana, mawu omwewo. Mayiyo ananena poyera kuti palibe amene anamufunsa kapena kumudziwitsa. Anangodziona ali pa kanema, tsiku loipitsitsa la moyo wake litasanduka chosangalatsa cha dziko lonse.

Ife zimenezi sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa ndi akunja. Kwathu kuno munthu sangadzuke n'kukamanga chiliza pamanda a mwana wa eni, ngakhale atakhala ndi simenti yambiri bwanji. Amayamba wakhala pansi ndi mwini mbumba, amfumu amadziwitsidwa, achibale amagwirizana mawu olemba pamwalapo. Sewero lonena za munthu amene anaphedwa ndi chiliza chimene dziko lonse lidzaona. Wolipanga apite kaye kwa anamfedwa, avule nsapato, afotokoze chimene akufuna kuchita, amve zimene iwo akufuna kuti zisaoneke. Sindikunena kuti banja likhale ndi mphamvu yoletsa nkhani iliyonse, chifukwa imfa ya nduna kapena ya wofufuza katangale ndi nkhani ya dziko lonse. Koma kumva ndi kulemekeza kusachitike filimu itatha kale. Ndipo tisaiwale kuti Lilongwe ndi mudzi. Ana a ophedwa, ana a mboni ndi ana a omangidwa amakwera minibasi imodzi, amaphunzira kalasi imodzi, amapemphera tchalitchi chimodzi. Mwana wa munthu amene anamangidwa pa Cashgate sanabe kanthu. Dzina la bambo ake lili m'chigamulo, ndipo likhoza kutchulidwa. Nkhope ya mwanayo, sukulu yake ndi nyumba imene akukhala zilibe ntchito m'sewero.

Povuta kwenikweni ndi pa milandu imene khoti silinatiuze wolakwa, ndipo imeneyi tili nayo yambiri. Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic, anapezeka atafa pasukulupo pa 24 Seputembala 2011. Apolisi anati anadzipha, koma komiti yofufuza mu 2012 inapeza kuti anachita kuphedwa. Issa Njauju, mmodzi wa akuluakulu a bungwe lothana ndi katangale la ACB, anaphedwa mu Julayi 2015, thupi lake n'kupezeka litakwiriridwa pafupi ndi mtsinje wa Lilongwe, galimoto yake itatenthedwa. Zaka zadutsa bwalo lisanatiuze amene anachita zimenezi. Ngozi ya ndege ya ku Chikangawa ya pa 10 Juni 2024, imene inatenga Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, malipoti ake anatuluka koma mitima ya ambiri sinakhazikike. Mtolankhani akhoza kulemba kuti akuganiziridwa, akuti, zikumveka. Sewero lilibe mawu amenewo. Liyenera kuika munthu wa nkhope ndi dzina m'chipinda, atsegule pakamwa, alamule. Ndipo woonera akaona ndi maso ake, kwa iye nkhani yatha. Pakatha zaka khumi sadzakumbukiranso kuti anaziona m'sewero, adzangoti ndikudziwa mmene zinachitikira. Mawu aja amalemba koyambirira kwa filimu, akuti zina mwa izi n'zopeka, amadutsa m'masekondi atatu, ndipo kumavidiyo a m'makomboni womasulira sawawerenga n'komwe.

Nkhani ya Mwanza ndiyo muyeso wa zonsezi. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa David Chiwanga, anagwidwa ku Zomba, ndipo matupi awo anapezeka ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma la nthawiyo linati inali ngozi ya galimoto. Komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 1994, yotsogoleredwa ndi Jaji Mtegha, inapeza kuti anaphedwa ndi apolisi. Dr Kamuzu Banda, John Tembo ndi ena anazengedwa mlandu, ndipo mu Disembala 1995 khoti linawapeza osalakwa. Apilo ya boma inakanidwa mu 1997. Ndiye tili ndi anthu anayi amene tikudziwa kuti anaphedwa, ndi chigamulo chonena kuti oimbidwa mlanduwo sanapezeke olakwa. Wolemba sewero achite chiyani?

Ena angati aisiye, madzi akatayika saoleka, tisatokose zilonda. Ine ndikukana. Makolo omwewo ananenanso kuti mlandu suola, ndipo chilonda chimene mwana wa zaka 20 sakudziwa n'komwe kuti chilipo sichinapole, changophimbidwa. Nkhaniyi ifotokozedwe, koma wolemba aime pamene umboni waima. Atisonyeze nyumba ya malamulo ku Zomba, kugwidwa kwa anayiwo, chilengezo cha pawailesi, mabanja akulandira mabokosi mwamantha anansi akuopa kubwera kudzakhuza maliro, zaka khumi ndi chimodzi za kunong'ona, mboni zikuyankhula pamaso pa komiti, khoti la 1995, ndi chigamulo mmene chinatulukira. Chitseko cha chipinda chimene lamulo linaperekedwera chikhale chotseka, kamera iime panja. Woonera adzatuluka ndi funso lomwe mabanja aja akhala nalo zaka zoposa 40, ndipo funso limenelo ndi loona kuposa yankho lililonse lopeka. Zimafuna kudziletsa, chifukwa chithunzi cha munthu wamkulu akulamula kupha n'chokoma kujambula ndipo chingakope oonera ambiri. Koma wolemba amene watsegula chitsekocho wadzipatsa udindo wa jaji popanda mboni, popanda loya wa woimbidwa mlandu, popanda apilo.

Ndipo m'dziko muno wotsegula chitseko chotere kawirikawiri amakhala atatumidwa. Tonse tikukumbukira Makiyolobasi pa wailesi ya boma m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, mmene luso la zisudzo linasandukira chikwapu chokwapulira otsutsa. Palibe chipani chachikulu chimene chilibe chitupa chake: china chili ndi Mwanza, china imfa ya woimba Evison Matafale m'manja mwa apolisi mu 2001, china kuphedwa kwa anthu pa zionetsero za 20 Julayi 2011 ndi Chasowa, china Cashgate. Chilichonse chingakonde kulipira sewero la tchimo la chinzake, makamaka chisankho chikayandikira. Sewero la Cashgate lolipiridwa ndi andale lidzayamba mu Epulo 2013 n'kutha mu Seputembala, ngati kuti kuba kunabadwa ndi boma limodzi n'kufa nalo, pamene kafukufuku wina anaunika mabuku a boma kuyambira 2009 mpaka 2014 n'kupeza mabiliyoni mazanamazana osalongosoka. Choncho funso loyamba kwa aliyense wobwera ndi sewero lotere likhale lakuti ndalama zake wapereka ndani, ndipo yankho lilembedwe poyera pa kanemapo.

Mankhwala ake si kuletsa. Lamulo lounika zisudzo ndi mafilimu la 1968 tinaliona ntchito yake m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo sindikufuna kuti bolodi ya boma ikhale yosankha mlandu woyenera kukumbukiridwa. Chofunika ndi chakuti zipangizo zikhale pafupi ndi wolemba woona mtima. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Malipoti a makomiti ofufuza ndi zolemba za m'makhoti za milandu imeneyi zizipezeka mosavuta, ndipo zikuluzikulu zimasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Wolemba amene ali ndi mawu enieni a mboni m'manja sakhala ndi chifukwa chopekera. Ndipo maloya opuma, atolankhani amene anakhala m'makhoti masiku amenewo, ndi owerengera ndalama amene anatsata macheke aja akadali moyo, ambiri ali mumzinda uno. Akufunika kufunsidwa tsopano, asanatsikire kuli chete ndi zimene akudziwa.

Magetsi anabwera cha m'ma 4 koloko, makina ometera n'kuyamba kulira. Pobwerera kunyumba tinayenda wapansi ndi mwana wa mlongo wanga uja, ndipo ndinamufotokozera za Thambani mmene ndikuzidziwira, kuyambira ku Zomba mpaka kukhoti. Foni anaiika m'thumba. Sanandidule mawu mpaka tinafika pampopi wa pafupi ndi kwawo, pamene anaima n'kufunsa kuti, “Ndiye malume, ana awo anauzidwa chiyani usiku umenewo?”